Njinga ya a Mphepo

Lachiwiri m'mawa, dzuwa lisanayambe ukali wake, a Mphepo anamasula jeke yodindira fodya n'kutulutsamo chinthu chimene anakhala akuchimata kuyambira mwezi wa Ogasiti. Chinali chonyansa, tisanamizane. Nkhata zamatabwa zisanu ndi zinayi zosanjikizana, iliyonse ya tizidutswa khumi ndi tiwiri, makona atatuluka mbali zonse, guluu ataumira m'mizere ngati mamina a mwana. Munthu wodutsa sakananena kuti umenewu ndi mtsuko wa maluwa. Koma mtsukowo unali m'katimo, ndipo kuti utuluke panafunika masiku atatu pa makina osemera, ndi munthu wachiwiri wopalasa. Masiku analipo anayi. Munthu ndiye panalibe.

Loweruka anali oti asudzulidwa. A Mphepo anali mkamwini pamudzi umenewu, kufupi ndi Santhe, kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Akazi awo, a Consolata, anamwalira mu Meyi, chimanga chili m'mikukwe. Ana aakazi Mulungu sanawapatse. Anali ndi anyamata awiri, Ernest ali ku Joni, mng'ono wake ndi mkamwini ku Dowa ngati bambo ake. Ndiye Lamulungu lapitalo mlamu wawo a Tsoka, mlongo wa malemu, anabwera n'kukhala pachitsa, chipewa chili m'manja, n'kunena mawu amene aliyense ankawayembekezera. Mvula yayandikira, munda uyenera kudziwika mwini wake, dzina la malemu alifafaniza kale m'kaundula wa makuponi a feteleza, ndipo abale a kwa Lukwa atumiziridwa uthenga kuti adzatenge munthu wawo. Sanalankhule mwankhanza ayi. A Tsoka nawonso anali munthu wotopa, wa masiku atatu pamzere wa feteleza osaona ngakhale thumba limodzi. A Mphepo anangoti, "Ndamva, alamu." Nanga mkamwini angayankhenso chiyani?

Nkhani ya mtsukoyi inali yakale, ndiponso yochititsa manyazi. A Consolata ndiwo ankakonza maluwa a paguwa kutchalitchi chawo cha Katolika Loweruka lililonse, ndipo ankawaika m'chitini cha mkaka wa ufa chimene chinachita dzimbiri mpaka zilembo kufufutika. Zaka khumi ndi chimodzi akupempha amuna awo: "Bambo a Ernest, anthu mumawasemera miyendo ya matebulo, ya mabedi, zoikapo makandulo. Ine mtsuko umodzi wokha, Ambuye asamaonere maluwa m'chitini." Yankho linali lomwelo chaka ndi chaka: mtengo wake uli kuti? Ndipo sikunali kunama kwenikweni. Dziko lino mitengo inatha, abale. Inapita ku zigafa, inapita ku mabani ootchera fodya. Ukakwera pachulu umaona mizere yokhayokha mpaka pamene maso alekezera, ndi mango apo ndi apo. Chipika chonenepa, chouma bwino, chosang'aluka, ukachipeza kuti? Koma njira yomata tizidutswa a Mphepo ankaidziwa, anaiona ali mnyamata kwa mmisiri wa kumishoni amene anawaphunzitsa ntchito. Kungoti ndi njira yodya nthawi, ndipo mkazi wako si kasitomala, sangathawire kwa mmisiri wina. Ankati tikakolola. Akakolola ankati fodya akapita ku okushoni. Mpaka Meyi uja anafika.

Thabwa silisunga madzi, choncho mu Ogasiti anatuma mwana kukatenga chitini chomwecho kutchalitchi n'kuyezera nkhata zonse pa icho, kuti chizilowa m'kati ndi madzi ake, chibisike chonse, pasaoneke ngakhale mlomo wake. Cholinga chinali chimenecho basi, ndipo anafuna chichitike asanachoke pamudzipo.

Makina awo anthu ankangowatcha njinga ya a Mphepo. Anali pansi pa kachisakasa kuseri kwa nyumba: mphanda ziwiri zokumbira pansi, zitsulo ziwiri zosongoka zopanira thabwa pakati pake, ndipo chakumbali fulemu ya njinga yakale yopanda tayala lakutsogolo. Lamba wodula ku tayala la galimoto ankachoka pa limu lakumbuyo n'kukazunguza chitsulo. Wina apalase, thabwa lizungulire, mmisiri agunditse tchizulo, utuchi uziuluka. Malowo anali opanikiza, ndiye fulemuyo inayang'ana kumunda, ndipo wopalasa ankakhala chofulatira mmisiri, osaona chimene chikusemedwa. Pachishalo chimenecho panakhala a Consolata zaka makumi atatu, ndipo chinaphwa mbali imodzi monga momwe iwo ankakhalira.

A Mphepo anazungulira mudzi kufunafuna munthu wa miyendo yamphamvu. Mu Novembala ungamupeze kuti? M'mawa onse ali kudambo kuthirira nazale za fodya. Dzuwa likakwera athamangira kumzere, poti akuti lole ya feteleza ibwera lero, lero lomwe linayamba sabata yatha. Mapeto ake anakaima pakhomo la a Fainala, mng'ono wa malemu, wamasiye nawonso, mayi wa pakamwa pakuthwa amene anakhala akuwaseka chiwafikireni pamudzipo. Anawapeza akuswa mtedza wa mbewu.

"Odi, alamu."

"Fikani. Mwabwera kudzatsanzika Loweruka lisanakwane?"

"Ndabwera kudzabwereka miyendo."

"Yanga? Ha! Zaka zonsezi simunaione, mwaiona lero ili ndi nyamakazi?"

A Mphepo anafotokoza. A Fainala anasiya kuswa mtedza.

"Mtsuko uja?"

"Womwewo."

"Mwakumbukira msangatu, alamu," anatero. Komabe anavundikira lichero n'kudzuka, dzanja lili pabondo.

Kuchisakasa kuja a Mphepo anapana chinthucho pakati pa zitsulo, kukamwa kwake atatsekako ndi kathabwa kozungulira kuti chitsulo chipeze pogwira. A Fainala anakwera pachishalo akung'ung'udza, n'kupinda chitenje pakati pa miyendo.

"Ndipalase bwanji? Mothamanga kapena pang'onopang'ono?"

Funso lotani limeneli? "Mongopalasa muja," anatero a Mphepo.

Aaa, anapalasatu mayiyo, ngati akuthamangira kuchipatala ndi wodwala pakeliyala. Makona anamenya tchizulo kha-kha-kha-kha mpaka mano a a Mphepo kugwedera.

"Chepetsani!"

Anachepetsa mpaka lamba kuyamba kuterera.

"Onjezani! Pang'ono pokha! Ayi, mwapitiriranso!"

"Kodi akulu anga munkawakalipira chonchi tsiku lonse? N'chifukwa chake anatsogola, anakapuma."

A Mphepo anagunditsanso tchizulo. Zoona zake n'zakuti pansi pa chisakasa chimenechi anali asanakuwepo chiyambire, koma maganizo amenewo sanawatsate patali. Anangoti mumtima, mlamu wangayu ndi miyendo yokhayokha, mutu anasiya ku mtedza. Pamene dzuwa linkapendeka pakhosi pawo panali pouma gwa, mapewa akuwawa ngati asenza matumba, koma makona a theka lakumunsi anali atatha. Pansi pa utuchi panayamba kuoneka timabwalo tosinthana, kofiira, koyera, kofiira, koyera, mzere uliwonse utalumphira pakati pa unzake wa pansi ngati njerwa za mmisiri wabwino.

Lachitatu, dzuwa lili pamutu, anaima kuti amwe madzi. A Fainala anatsika, n'kubwera kudzaona koyamba chimene msana wawo unkatumikira. Anasisita ndi chikhatho. Ananunkhiza zala. Kenaka anawerama, n'kuika chikhadabo pa kachidutswa kena kofiira pamene panadutsa kamzere kakuda.

"Choyerachi ndi malaina, chitseko chakale cha kukhitchini, ndachizindikira. Nanga mlombwa uwu mwautenga kuti?"

A Mphepo anayamba kunola tchizulo chimene chinali chakuthwa kale.

A Fainala sanafunsenso. Analunjika kukhitchini ya malemu, n'kusuzumira pakona. Munsi unali chitsamire khoma, wokha. Anabwerera akupuma mwa befu.

"Mtondo wa amayi uli kuti?"

"Unali wong'aluka, alamu. Unkangogwiridwa ndi waya."

"Waya ameneyo anamanga ndi bambo anga, dzimbiri lake ndi kamzere aka! Wong'aluka unali wanu? Mwadula mtondo wa amayi anga ndi sowo, katundu wa malemu asanagawidwe? Munafunsa ndani?"

"Mlombwa wina kulibe. Ndinapalasa mpaka kwa Mwase, kulibe."

"Akulu anga anandiuza ali pamphasa, mawu akutuluka movutikira, anati mtondo ukhala wako. Ine ndimangodikira tsiku lake mwaulemu ngati chitsiru, osadziwa kuti kuno kuli mlendo ndi sowo wake!"

Mlendo. Zaka makumi atatu ndi zinayi, zigafa zonse za pamudzi pano atazika nawo, mabokosi a maliro a mbumba yonse atakhoma ndi manja awo osafunsa kanthu, lero mlendo. Mawuwo anawalasa, koma sanathe kuwabweza, chifukwa ankadziwa bwino lomwe chimene anachita. Mtondowo anaudula tsiku la msika, pamudzi pali zii. Akanafunsa pakanakhala msonkhano, pamsonkhano pakanatuluka ayi, ndipo iwo anasankha kusamva ayi ameneyo. A Fainala anakutumula utuchi pachitenje n'kumapita, osacheuka.

Masana amenewo a Mphepo anachita zinthu zoti munthu akanawaona akanaseka mpaka kugwa. Ankazunguza pedulo ndi dzanja mwamphamvu, n'kuthamangira ku tchizulo. Pofika, mtsuko wazungulira katatu n'kuima. Anayesa kanayi, kasanu. Kenaka anakhala pansi n'kutsamira mphanda, thukuta likulowa m'maso. Kumadzulo mitambo inkaunjikana tsiku ndi tsiku osagwetsa kanthu, kutentha kokhakokha, nkhuku zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe. Anatopa, osati kutopa kwa tsiku limodzi ayi, koma kwa munthu amene wayamba mochedwa ntchito yoti akanaigwira akali ndi mphamvu ndiponso mwini wake akali moyo.

Lachinayi m'mawa kunabwera a Tsoka, theka la thumba la feteleza lili pakeliyala. Kuponi imodzi anagawana mabanja awiri, ndipo theka limenelo ankaliyendetsa mosamala ngati dzira. Anadzatenga jeke yawo imene a Mphepo anabwereka, poti wina anailonjezedwa. Za mtondo sanatchule, zikuoneka kuti a Fainala anali asanaulule.

"Ngolo ya Loweruka ndapeza, alamu," anatero. "Tidzazula makinawa bwinobwino, mukayambire pomwepo kwanu. Musaganize kuti tikukutayani."

"Zikomo, alamu."

Dzuwa litadutsa pamutu, a Mphepo anamva mapazi kumbuyo. A Fainala anadutsa osawayang'ana, n'kukwera pachishalo.

"Musandilonjere, sindinakhululuke. Mtondo mwaupha kale. Ndikausiya chonchi ukhala nkhuni, ndiye ndiluza kawiri. Gwirani chitsulo chanucho."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kufiira, wina akukuwa, wina akutukwana chapansipansi. Mimba ya mtsuko inatuluka yozungulira bwino, n'kuyamba kuwonda chokwera kukhosi.

Lachisanu panatsala khosi ndi mlomo, malo opyapyala kuposa onse, kumene nkhata yachisanu ndi chinayi inayenera kufutukuka pang'ono kuti ibise chitini. A Mphepo anatenga tchizulo chaching'ono chimene anasula okha ku sipuling'i ya galimoto, n'kuyamba kumeta mopepuka. Phokoso linasintha, kuchoka pa kukhurrr kwa thabwa lochindikala kufika pa kulira kwa see, kopyapyala. Pamenepo manja awo anachita zimene anazolowera zaka makumi atatu: anatsamira pang'ono, kudikira kuti liwiro likwere, poti pamalo otere liwiro limakwera. Silinakwere. A Fainala, bondo likuwabaya, anali atangoyamba kupumira pa pedulo. Tchizulo chinaluma thabwa m'malo mometa.

Phwaa!

Lamba anavuka. Kachidutswa kena kanawamenya a Mphepo pamwamba pa diso, tina tinamwazikira kumunda. Mtsuko unapendekeka pakati pa zitsulo, mlomo wake uli ngati mano a nkhalamba.

A Fainala anatsika pang'onopang'ono. Kwa nthawi yoyamba chiyambire sabatayo mawu awo anali aang'ono.

"Ndalakwa ine?"

A Mphepo anakhala pansi pa utuchi, magazi akutsikira m'nsidze. "Simunalakwe. Sindinakuuzeni kuti muonjeze."

"Nanga osandiuza bwanji? Sabata yonse mwakhala mukukuwa ngati wogulitsa nsomba."

"Sindinkadziwa kuti pamafunika kuuza munthu. Ndinkayesa zimangochitika."

Atanena mawu amenewa m'pamene anawamva okha. Zimangochitika bwanji? Njinga imadzionjezera yokha liwiro? Zaka makumi atatu thabwa likakhala ndi makona, liwiro linkatsika. Likafika popyapyala, linkakwera. Tchizulo chikayandikira mfundo, linkafewa chisanafike. Iwo sanalamulepo ngakhale kamodzi. Mkazi uja, atafulatira, maso ali kumunda, ankamvetsera kulira kwa chitsulo n'kumayankha ndi miyendo. Anakumbukira mmene nthawi zina ankanenera osacheuka, "Bambo a Ernest, pamenepo pali mfundo," iwo n'kuseka kuti kodi muli ndi maso kunkhongo. Anthu ku Santhe ankasisita miyendo ya matebulo n'kumati koma manja a a Mphepo, ndipo a Mphepo ankavomera ndi mutu, n'kubwera kunyumba kudzafunsa ngati madzi osamba atentha.

"Ankamvetsera," anatero mokweza. "Alamu, akulu anu ankamvetsera chitsulo."

"Mwadziwa lero?" A Fainala anang'amba kansalu kumapeto kwa mpango wawo n'kuwaponyera. "Ife tinkadziwa tonse. Ankabwera kwanga nati, mng'ono wanga usandilankhule, mutu ukundiwawa, lero ndamvetsera mbawa tsiku lonse. Pukutani magaziwo, mukuipitsa mtondo wa amayi."

A Mphepo analira pamenepo, misozi yeniyeni, yoposa ya tsiku la maliro, ndipo a Fainala anawasiya alire. Anapita kumunda kukatola tizidutswa. Tinali tosweka mopanda chiyembekezo. Mlombwa wina panalibe, mtondo wonse unathera mu nkhata zimenezi, jeke inapita, ndipo ngakhale zonse zikanakhalapo, guluu sauma chifukwa choti munthu akusudzulidwa mawa.

Panatsala njira imodzi. Anadula nkhata yoswekayo yonse, n'kusema kathabwa kena kotsekera kukamwa, n'kupananso mtsuko. Asanayambe anaima pambali pa fulemu.

"Chikamalira mokhuthala, pitani pang'onopang'ono. Chikayamba kulira see, onjezani, musadikire ine. Mukatopa nenani, ndichotse chitsulo."

"Mukanayamba ndi mawu amenewa Lachiwiri."

"Lachiwiri ndinalibe."

A Fainala anapendeketsa mutu, khutu limodzi kumbuyo, n'kupalasa. Sizinafanane ndi kale, tisaname, koma nkhata yachisanu ndi chitatu inalandira mlomo wake osasweka. Anapala ndi sandipepa. Kenaka a Mphepo anatulutsa tizidutswa ta makandulo timene a Consolata ankatola kutchalitchi, n'kugunditsa phula pa mtsuko ukuzungulira, n'kupanikiza ndi nsalu mpaka kutentha. Mlombwa unadzuka, kufiira ngati wamoyo, malaina ali mbee pakati pake. A Fainala atatsika anangoti, "Mayo," n'kugwira pakamwa.

A Mphepo anatenga chitini n'kuchilowetsa. Chinatsetsereka bwinobwino mpaka pansi, osagwedera. Koma pamwamba chinatsala kunja zala ziwiri, mlomo wake wadzimbiri uli poyera pamwamba pa phula lonyezimira.

"Chidulenitu," anatero a Fainala.

"Chinadyeka. Ndikachikhudza ndi sizasi ching'ambika mpaka pansi." Anachizunguza, ngati kuti mbali ina chikhala chachifupi. "Ntchito yonseyi inali yoti chitini chisaoneke. Chikuoneka."

Loweruka anthu anakhala pansi pa mango, a kuchikazi mbali iyi, a kwa Lukwa mbali iyo, motsogozedwa ndi a Raymond, mng'ono wa a Mphepo, amene ankangoyang'ana mitambo. Mawu ananenedwa monga amanenedwera: kuti mkamwini anakhala bwino, anasunga mlongo wawo mpaka kumuika, alibe naye mangawa, ndi womasuka. Kenaka katundu wa malemu anayalidwa pamphasa: zitenje, nsapato za kutchalitchi, mapoto, lichero, makasu awiri. A Tsoka ananyamula munsi n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mtondo wake uli kuti?"

A Mphepo anayamba kudzuka, koma a Fainala anawayambirira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mtsuko, n'kuuika pakati pa mphasa.

"Ndi uwu. Akulu anga anandipatsa ine, ndipo ine ndaupereka kutchalitchi. Alipo ali ndi mawu?"

Panamveka manong'onong'o. Mayi wina anati koma zinthu zake, wina anatambasula dzanja kuti akhudze. A Tsoka anauyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana bala la pamwamba pa diso la mlamu wawo, kenaka anatsamiritsa munsi kumtengo n'kupitiriza ndi mapoto. Analibe mphamvu za mlandu wina.

Atamaliza anati, "Ngolo yafika, alamu. Tiyeni tikazule makina anu."

"Asiyeni," anatero a Mphepo. "Awerengereni pa katundu wa pamphasapa."

"Mukuti bwanji? Mukadya chiyani kwanu?"

"Zanga ndi tchizulo izi, zili m'thumbamu. Njinga ndi ya mlongo wanu. Ine ndinkangogwira chitsulo."

A Raymond anawakoka malaya, n'kunong'ona kuti achimwene musatichititse manyazi, chisoni chisakusokonezeni mutu. A Mphepo sanasinthe. Ngolo inanyamula matiresi, bokosi la zovala ndi puleni yopalira matabwa, n'kutsogola yopepuka, ng'ombe zikuyenda ngati zikupita kokamwa madzi.

Njira ya kwa Lukwa imadutsa patchalitchi. A Mphepo anapempha mng'ono wawo kuti aime pang'ono, n'kulowa. M'katimo munali mozizira, mukununkhira zitosi za mileme ndi phula. A Fainala anali kuguwa, mtsuko uli patsogolo pawo, chitini chodzaza madzi chili m'kati, mlomo wake uli pamtunda monga dzulo. Pambali panali mulu wa maluwa ofiira othyola kumpanda wa sukulu, ndi nthambi za masamba anthete a mango, ofiirira aja olendewera.

A Mphepo anayenda mpaka kutsogolo, kumene anali asanafikeko zaka khumi ndi chimodzi. Nthawi yonseyo ankakhala benchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko, maso ali m'buku la nyimbo, kuopa kuyang'ana kuguwa n'kukumana ndi chitini chija.

"Pepani, alamu," anatero. "Mawa anthu achiona."

A Fainala anatola nthambi zija. Anayamba ndi masamba a mango, kuwazika m'mphepete mozungulira, limodzi limodzi, kuti agwere kunja. Masambawo anawerama okha n'kuphimba dzimbiri lonse, nsonga zawo zikukhudza mlombwa. Kenaka anaika maluwa pakati. Sizinatenge nthawi, ndipo zala zawo zinkaoneka kuti zinaonerera ntchito imeneyi kambirimbiri.

"Munaphunzira kuti zimenezi?"

"Kwa mwini wake. Mumayesa ankachisiya pambalambanda? Mukanadzutsa mutu tsiku limodzi lokha mukanaona." Anapukuta manja pachitenje. "Akulu anga anabisa chitini chonse ndi masamba zaka khumi ndi chimodzi, palibe anachionapo. Zala ziwiri zokha zingandikanike ine?"

Panja a Raymond analiza belu la njinga yawo kawiri. A Mphepo anagwada movutikira, dzanja lili pabenchi, ndipo anakhala chogwada akuyang'ana maluwawo mpaka belu linaliranso. Kenaka anatola thumba la tchizulo n'kutuluka.